Kudwazika Munthu wa Khansa ya m'Mapapo: Phunziro la Aphunzitsi ndi Akristu Onse

Ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, pa mseu waukulu wochokera ku Chingeni kunka ku Zalewa ndi ku Blantyre, chifuwa si chinthu chachilendo. M'chilimwe fumbi liri ponse ponse. Amuna ambiri aotcha makala, akazi aphika pa mafuwa m'nyumba zodzaza utsi, ndipo madoda ena adayamba kupichira chingambwe akali anyamata. Tsono munthu akayamba kutsokomola, abale ake amangoti chipola chokha, ndipo kawirikawiri chimapoladi. Koma chiripo chifuwa china chimene sichimva uchi kapena mandimu, ngakhale mankhwala a chifuwa chachikulu amene.

Njira yake imakonda kuyenda motere. Bambo wa zaka zoposa 50 atsokomola mwezi wathunthu, nayamba kuonda, naona timagazi m'makhololo. Apita ku chipatala, ndipo popeza zizindikiro zonsezi zifanana ndi za chifuwa chachikulu, ayamba mankhwala a miyezi 6. Awamwa mokhulupirika, koma thupi lingonka lifooka, mau asasa, phuma likula. Potsiriza amtumiza ku chipatala chachikulu, kumene madotolo amjambula, natapa kanyama ka m'chifuwa kukapima, namuuza kuti ndi khansa ya m'mapapo. Abwera kumudzi ndi buku la ku chipatala lolembedwa masiku obwererako, ndipo kuyambira pomwepo moyo wa banja lonse usintha. Phunziro lino linena za masiku amenewo: m'mene wodwala angakhalire, m'mene abale angamdwazikire, ndi mbali imene aphunzitsi ndi Akristu a m'mudzi ayenera kutengapo.

1. Nthendayi njotani

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri totchedwa maselo, timene timabadwa, kugwira nchito ndi kufa mwa dongosolo lake. Khansa iyamba pamene maselo ena ataya dongosololo nayamba kuswana osaleka, mpaka apanga chotupa. Chotupa chikamera m'phapo chitseka njira za mpweya, chiboola timitsempha ta magazi, ndipo chikakhalitsa chifalikira ku mafupa, ku chiwindi kapena ku ubongo. Madotolo agawa nthendayi m'mitundu iwiri. Mtundu wa maselo aang'ono ukula msanga, ndipo ugwira odwala pafupifupi 15 mwa 100 ali onse. Mtundu winawo ukula pang'ono pang'ono. Awerenganso magawo 4 a kukula kwake: pa gawo loyamba chotupa chiri chaching'ono pa malo amodzi, pa lachinai chafika ku ziwalo zina.

Pa dziko lonse lapansi palibe khansa ina imene ipha anthu ochuluka kuposa iyi. M'chaka cha 2022 idapezeka mwa anthu pafupifupi 2,500,000, nipha pafupifupi 1,800,000. Ku Malawi khansa zochuluka m'mabuku a zipatala ndi ya khomo la chiberekero, ya Kaposi imene iwoneka pa khungu, ndi ya kum'mero. Ya m'mapapo siiwerengeka kwambiri, ndipo chifukwa china nchakuti imabisala kumbuyo kwa chifuwa chachikulu. Chifukwa chake munthu wotsokomola kupitirira masabata awiri apite akapimitse makhololo. Ndipo amene wamwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi iwiri osaona kusintha, makamaka ngati m'makhololo ake simudapezeke tizilombo, asaleke mankhwalawo pa yekha, koma abwerere ku chipatala akanene poyera kuti sakupeza bwino.

Chinthu choyamba chimene banja liyenera kumvetsa ndi ichi: khansa siipatsirana. Chifuwa chachikulu chiyenda mu mpweya kuchoka kwa wina kunka kwa mnzake, koma khansa ai. Wodwala asampatulire mbale, chikho kapena mphasa. Adye ndi ana ake, afungate adzukulu ake monga kale.

2. Gwero lake

M'chaka cha 1950 akatswiri awiri a ku London, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, adafalitsa zimene adapeza atafunsa odwala m'zipatala za mu mzindawo: pafupifupi onse a khansa ya m'mapapo adali osuta fodya. Doll mwini wake adali wosuta, ndipo adaleka kafukufukuyo ali mkati. M'chaka cha 1964 mkulu wa za umoyo wa boma la America adalengeza zomwezo. Lero bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti fodya ndiye gwero la nthendayi mwa odwala pafupifupi 85 mwa 100 ali onse, ndipo m'chaka cha 2023 dziko la Malawi lidalowa nao m'pangano la maiko lochepetsa kusuta. Ndudu ya m'sitolo, chingambwe cha m'pepala ndi kaliwo, zonse ziononga; utsi wake ufikanso m'mapapo a mkazi ndi ana ogona m'nyumba imodzi ndi wosutayo.

Ziripo zifukwa zinanso. Amuna amene adapita ku Joni pa Wenela adapuma fumbi la miyala m'migodi ya golide, ndipo ena adagwira nchito m'migodi ya asbestos ku Shabani ndi ku Mashaba m'dziko la Zimbabwe. Fumbi la mitundu iwiriyi litha kubala khansa patapita zaka makumi angapo. Utsi wa nkhuni m'nyumba yopanda mazenera uononganso mapapo. Ndipo alipo odwala ena amene sadasutepo, sadaloweponso mu mgodi.

Pamenepa aphunzitsi ayenera kuchenjera. Munthu akaonda, natsokomola magazi, natupa nkhope, anthu a m'mudzi amafulumira kutchula tsempho kapena mdulo, naloza chala mkazi wake kuti adathira mchere m'ndiwo asali woyenera. Ena amaloza nkhalamba ya pa mudzi kuti ndiyo idamlodza. Maganizo amenewa apha kawiri: achedwetsa wodwala kupita ku chipatala, napasula banja pa nthawi imene lifunika kugwirana. Momwemonso nkosathandiza kumdzudzula wodwala chifukwa cha fodya wake wakale. Chofunika nchakuti aleke tsopano, pakuti ngakhale nthenda itapezeka kale, woleka fodya apuma bwinoko ndipo mankhwala agwira bwino nchito m'thupi mwake.

3. Chithandizo cha ku chipatala

Njira zazikulu nzitatu. Yoyamba ndi opaleshoni yochotsa mbali ya phapo, imene itheka pokhapo nthenda itapezeka msanga. Yachiwiri ndi mankhwala olowa m'mitsempha pa diripi, otchedwa chemotherapy, amene aperekedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Yachitatu ndi radiotherapy, ndiko kuotcha chotupa ndi cheza chosaoneka chochokera m'makina. Kwa zaka zambiri makina amenewa kudalibe ku Malawi, ndipo odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa ku maiko ena monga India. M'chaka cha 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chidatsegulidwa ndi makina otere, ndipo m'chaka cha 2025 boma lidatsegula National Cancer Centre ku Lilongwe, pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central.

Odwala ambiri afika nthenda itakula kale. Pamenepo mankhwala sachotsa khansa yonse, koma achepetsa chotupa, apeputsa phuma ndi ululu, naonjezera miyezi kapena zaka. Nkoyenera kuti wodwala afunse dotolo mosaopa ngati mankhwala akewo ngochiza kapena ngochepetsa, ndi kuti adzatenga nthawi yotani, pakuti yankho lake ndilo lithandiza banja kulinganiza ndalama ndi nchito za kumunda.

Diripi iperekedwa kawirikawiri kamodzi pa masabata atatu ali onse, maulendo 4 kufikira 6. Kwa munthu wa ku Manjawira ulendo uli wonse udya tsiku lathunthu kapena awiri, ndipo ngakhale chithandizo cha m'zipatala za boma chiri chaulere, basi ndi chakudya cha pa njira zifuna ndalama. Banja liwerengeretu maulendo onse pa chiyambi, lisangoganiza za woyamba wokha, chifukwa ambiri alekera pa njira ndalama zitatha. Asanalandire diripi, wodwala ayamba wapimidwa magazi; akapezeka ochepa, dotolo amuuza kuti abwerenso sabata ya mawa. Uku si kumkana ai, koma kumteteza. Nkwabwino kuti womperekeza akhale munthu mmodzi yemweyo pa maulendo onse, wodziwa kuwerenga, wosunga buku la ku chipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa. Amene ali pa ma ARV, kapena pa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, asawaleke, koma awaonetse kwa dotolo. Mankhwala a zitsamba nawonso awatchule osachita manyazi, pakuti ena alemetsa chiwindi ndi impso zimene zalema kale ndi diripi.

Radiotherapy iperekedwa tsiku ndi tsiku kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu, mphindi zochepa pa tsiku. Kwa ena masiku owerengeka, kwa ena masabata 6. Cheza chake sichitsala m'thupi, choncho wodwala saopsa ali yense. Khungu la pa malo ootchedwawo lisapakidwe mankhwala osauzidwa ndi namwino, lisakhulidwe ndi mwala posamba, lisakhale pa dzuwa. Kumeza kukayamba kuwawa, adye zofewa ndi zozizira.

4. Masabata atatu a pakati pa madiripi

Masabata amenewa ali ndi kayendedwe kao, ndipo banja lokadziwa silidzidzimuka. Masiku oyamba ndi a nseru ndi kusanza. Kuyambira tsiku la 7 kufikira la 14 asilikali a m'magazi atsika kwambiri. Pa sabata yachitatu mphamvu iyamba kubwerera, ndipo ndiyo nthawi yabwino yochezera abale, yopita ku tchalitchi ndi yoonjezera kudya.

Za chakudya. Mbale yodzaza nsima iopsa munthu wa nseru. Koposa nkumpatsa pang'ono pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala lothira nsinjiro kapena chiponde, Likuni Phala, dzira lophika, usipa wosinja, nandolo kapena nyemba zochotsa makoko, kachewere woponda, nthochi, papaya, phala la malambe, mkaka wowiritsa. Fungo la mafuta okazinga liutsa nseru, choncho kuphika kuchitikire kutali ndi pogona pake. Mankhwala oletsa kusanza amwedwe pa nthawi imene adauzidwa, osadikira kuti kusanza kuyambe. Madzi owiritsa amwe malita 2 kapena 3 pa tsiku, chifukwa ena mwa mankhwala a diripi aononga impso za munthu wosamwa madzi. Kachasu ndi masese ayambe waleka. Ndipo wodwala akakana kudya, amai ake kapena mkazi wake asakwiye ngati wanyoza kuphika kwao. Ndi nthenda imene yachotsa chilakolako.

Za m'kamwa. Zilonda zimatuluka m'kamwa ndi pa lilime. Achukuche kanai pa tsiku ndi madzi owiritsa othira mchere theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi, natsuke mano ndi mswachi wofewa. Tsabola ndi zowawasa ayambe wazipewa. Lilime likachita zoyera ngati mkaka, akaonetse ku chipatala, pakuti mankhwala ake alipo.

Za tsitsi. Mankhwala ena athothola tsitsi pakapita masabata awiri kapena atatu. Lidzameranso mankhwala akatha. Ana auzidwiretu, kuti angaope kapena kuseka.

Za kutentha thupi. Apa ndipo pali ngozi yaikulu koposa. Asilikali a m'magazi akatsika, kanthenda kakang'ono katha kupha munthu m'maola ochepa. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera ndi kuzizidwa, asangomwa Panado nagona kudikira kucha, pakuti Panado abisa kutenthako osachotsa gwero lake. Apite ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale usiku, nanene msanga kuti ali pa chemotherapy, naonetse buku lake. Banja likambiranetu ndi mwini njinga yamoto kapena galimoto amene angathe kudzutsidwa pakati pa usiku. Pofuna kupewa, agone m'neti usiku uli wonse, onse a m'nyumba asambe m'manja ndi sopo, ndiwo zogona zitenthedwe bwino, ndipo wa chimfine asalowe m'chipinda chake.

Za kutopa. Kutopa kwa nthendayi sikutha ndi tulo, ndipo si ulesi. Komabe kugona tsiku lonse kufoola miyendo. Ayende pang'ono m'mawa ndi madzulo, ngakhale kungozungulira nyumba, nagwire tinchito topepuka tokhala pansi, monga kutong'ola chimanga kapena kuluka mphasa. Munthu amene adazolowera kudyetsa banja avutika mtima poona kuti sathanso kugwira khasu. Kumfunsa nzeru pa za munda, za mbuzi ndi za sukulu ya ana kumkumbutsa kuti akali mutu wa nyumba yake.

Mwamuna ndi mkazi wake asapatukane pogona chifukwa cha mantha. Chokhacho nchakuti mankhwalawa atha kuononga mwana m'mimba, choncho pa miyezi imeneyi pathupi payenera kupewedwa, ndipo za ichi akambirane ndi dotolo.

5. Phuma ndi kutsokomola

Palibe chimene chiopsa wodwala ndi omdwazika kuposa kubanika. Mantha afulumizitsa kupuma, ndipo kupuma kofulumira kukuza mantha. Wodwazika ayambe ndiye kudekha. Amkhazike tsonga, ataweramira patsogolo pang'ono, mikono itatsamira pa tebulo kapena pa maondo. Atsegule chitseko ndi zenera, namkupize pa nkhope ndi lichero laling'ono kapena chikatoni, pakuti kamphepo ka pa nkhope kachepetsadi phuma. Wodwala akoke mpweya ndi mphuno, nautulutse pang'ono pang'ono ndi milomo yosongoka monga wouzira phala lotentha. Usiku agone chotsamira pa mitsamiro kapena pa thumba la chimanga lokutidwa ndi bulangeti. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chake, ndipo pa khomo pake pasasutidwe fodya.

Phuma likakula masiku ochepa okha, mwina ndi madzi amene adzaza m'chifuwa. Ku chipatala amawapopa ndi singano, ndipo munthu apeza mpumulo tsiku lomwelo. Timagazi tochepa m'makhololo ndi chizolowezi cha nthendayi. Koma magazi akatuluka ochuluka, amgoneke cham'mbali, mbali ya phapo lodwalalo iri pansi, napukute ndi nsalu yakuda kuti kufiira kwake kusaonjezere mantha, nathamangire naye ku chipatala. Zizindikiro zina zosayenera kudikira nazo ndi izi: kutupa nkhope, khosi ndi mikono, kupweteka kwa msana kotsagana ndi kufooka miyendo kapena kukanika kukodza, kutupa ndi kuwawa kwa mwendo umodzi, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, ndi kusanza kosaleka tsiku lathunthu.

6. Ululu

Ululu wa khansa uli ndi mankhwala, ndipo palibe chifukwa chakuti munthu azibuula usiku wonse. Nchito yosamala odwala nthenda zosachizika idakhazikika pamene Cicely Saunders adatsegula nyumba ya St Christopher's ku London m'chaka cha 1967. Dotolo Anne Merriman adayambitsa nchito yomweyo ku Uganda m'chaka cha 1993, nafalitsa morphine wamadzi wotsika mtengo womwera kunyumba. Ku Malawi kuli Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 2003, ndi Ndi Moyo ku Salima kuyambira 2007, ndipo m'zipatala zambiri za maboma muli anamwino ophunzitsidwa nchitoyi. Banja lifunse za chithandizo chimenechi kuyambira pa chiyambi, losadikira masiku otsiriza.

Morphine wamadzi amwedwa pa maola 4 ali onse, motsata wotchi, osati podikira kuti ululu ubwerere. Muyeso wake ndi umene namwino walemba. Ululu ukapitirira, abwerere kuti akauonjezere. Pang'ono pokha athandizanso phuma ndi kutsokomola. Pafupifupi ali yense womwa morphine amadzimbidwa, choncho amwe mankhwala ofewetsa m'mimba amene apatsidwa pamodzi naye, ndi madzi ambiri, nadye papaya wakupsa. Kusinza kwa masiku oyamba kumatha kokha. Botolo libisidwe kutali ndi ana. Mankhwala ogula m'magolosale monga Brufen, Indocid ndi aspirin asamwedwe popanda chilolezo cha dotolo, chifukwa atha kutulutsa magazi ndi kuononga impso.

Akristu ena amaopa morphine, namati ngoledzeretsa, kapena ngofulumizitsa imfa, kapenanso kuti kuthawa ululu nkukana mtanda. Womwedwa pa muyeso wake, morphine safupikitsa moyo ndipo sasandutsa wodwala chidakwa. Kunena za chikumbumtima, Papa Pius XII adayankha kale funsoli pa 24 February 1957, polankhula kwa madotolo ogoneka anthu pa opaleshoni. Iye adaphunzitsa kuti nkololedwa kuletsa ululu ndi mankhwala amphamvu, ngakhale pamene aoneka kuti angafupikitse moyo, malinga palibe njira ina, cholinga chisali kupha, ndipo munthuyo asalepheretsedwe kukwaniritsa udindo wake kwa Mulungu ndi kwa abale. Munthu amene ululu wamleka ndiye atha kupemphera, kulapa ndi kulangiza ana ake ali ndi nzeru zake zonse.

7. Wodwazika ndi mudzi

Katundu yense amagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mkazi kapena mwana wamkazi, amene asamala wodwala usiku, natunga madzi m'mawa, naganizanso za munda umene ukumera thengo. Iyenso akagwa, nyumba yonse yagwa. Mutu umodzi susenza denga. Eni mbumba, atsibweni ndi alongo agawane masiku, ndipo Akristu a mu mphakati alembe ndondomeko yooneka: akutunga madzi ndani, akutola nkhuni ndani, akugona nao Lachitatu ndani, ndipo mvula ikagwa adzapalira munda ndani. Mau akuti "mukafuna kanthu mutiuze" sathandiza, chifukwa wovutika achita manyazi kupempha. Thandizo lotere lisasankhe mpingo. Mnansi wa chipembedzo china akadwala, phuma lake ndi lomwelo.

Wodwala akafika posadzuka, atembenuzidwe pa maola 2 ali onse, pogona pake pakhale pouma ndi pofewa, kuti zilonda zingabuke m'chiuno ndi m'zidendene. Mwambo wozonda odwala ngwabwino, koma anthu khumi m'kachipinda kamodzi amlanda mpweya. Alowe awiri awiri, mphindi zochepa. Nyimbo ziimbidwire pa khonde.

Banja lichenjere ndi anthu olonjeza kuchiza khansa ndi mabotolo a mtengo wapatali, kapena olamula kuti wodwala ataye mankhwala a ku chipatala poonetsa chikhulupiriro. Mabanja ambiri agulitsa mbuzi, feteleza ngakhale munda, natsala opanda wodwala ndi opanda chakudya. Nkwanzerunso kuti wodwala alongosole za chuma chake akali ndi mphamvu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 liteteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo liyesa kulanda chuma chao mlandu. Wilo yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri iletsa mikangano yambiri. Kulemba wilo si kuitana imfa.

8. Mbali ya mphunzitsi

Mphunzitsi si dotolo, ndipo asasinthe muyeso wa mankhwala a munthu. Nchito yake njoyendera, kumvetsera ndi kulumikiza banja ndi chipatala ndiponso ndi wansembe. Akalowa, akhale pansi, afunse za usiku wapitawo, ndipo asachite mantha ndi chete. Abale amakonda kubisa dzina la nthenda, koma wodwala amadziwa za m'thupi mwake, ndipo kubisako kumsiya yekha ndi mantha ake. Tsiku lina adzafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ine ndichira?" Kuyankha kuti "Musadandaule, bambo, mudzuka posachedwa" nkutseka khomo limene iye watsegula movutika. Koposa nkunena kuti, "Bambo, madotolo adakuuzani zotani? Nanga inu mukuona bwanji m'thupimo?" Pamenepo mwini wake adzanena zimene afuna kudziwa, ndi zimene zikumsowetsa tulo: mwina ngongole, mwina mwana amene adayambana naye, mwina ukwati wosadalitsidwa.

Aphunzitsi akonzenso maganizo olakwa pa za Sakramenti la Kudzoza Odwala. Ambiri akali kuopa kuitana wansembe, poyesa kuti mafuta oyera ndi chizindikiro chakuti zatha. Msonkhano waukulu wa Vatican II udaphunzitsa m'chaka cha 1963 kuti sakramentili si la okhawo ali pafupi kutsirizika, koma la Mkristu ali yense amene wayamba kukhala pa ngozi ya imfa chifukwa cha nthenda kapena ukalamba. Wa khansa ya m'mapapo atha kulilandira asanayambe diripi yoyamba, nalilandiranso nthenda ikakula. Wolipereka ndi wansembe yekha, choncho uthenga upite ku parishi msanga, wodwala akali kulankhula. Wosakhoza kuyenda sachimwa pojomba Misa, ndipo Ukaristia utha kumfikira kunyumba. Lamulo la Eklezia la 1983 limasula odwala ndi owadwazika ku kusala kwa ora limodzi asanalandire, ndipo madzi ndi mankhwala siziononga kusalako kwa munthu ali yense. Wodwala wotere sakakamizidwanso kusala chakudya pa Lachitatu la Phulusa ndi pa Lachisanu Loyera.

M'chaka cha 1992 Papa John Paul II adakhazikitsa 11 February kuti likhale tsiku la odwala pa dziko lonse. Tsikuli nlabwino kuti mphakati uli wonse uwerenge odwala ake ndi kukonzanso ndondomeko yowayendera. Koma wa phuma sadikira February, ndipo wodwazika wake afuna womlandira usiku uno.

Mafunso okambirana

1. Kodi khansa ya m'mapapo isiyana bwanji ndi chifuwa chachikulu, ndipo wodwala amene sakuchira ndi mankhwala a chifuwa chachikulu achite chiyani?

2. Ndi masiku ati a pakati pa madiripi amene ali oopsa koposa, ndipo thupi likatentha usiku banja lichite chiyani?

3. Mphunzitsi angayankhe bwanji banja limene likuloza mkazi wa wodwala kuti ndiye adamtsempha?

4. Kodi Papa Pius XII adaphunzitsa zotani pa za mankhwala oletsa ululu?

5. M'mphakati uno, ndani akudwazika matenda yekha, ndipo sabata ino adzamlandira ndani?